Basela wa a Chester

Wogulitsa ndiwo aliyense amafunsa funso limodzi: mukufuna za zingati? A Chester ayi. Iwo ankafunsa kuti, "Mukaphika bwanji?" Ukayankha zowasangalatsa, ankakuthirira basela woposa zomwe wagula, mpaka jumbo kuchita kung'ambika. Ukayankha zopusa, ndalama yako unkabwerera nayo, n'kukuuza kuti upite kusitolo ukagule kabichi. Funsani Mmalawi aliyense amene anakhalapo ku Masiphumelele, komboni ya kuno ku Cape yomwe timangoti Masi, akuuzani zomwezi, ndipo akuuzani akuseka. Ine Esnart ndimayambanso ndi kuseka, koma sindimalizira pomwepo.

Kwawo kunali ku Ntcheu, cha ku Lizulu, kumene mwana amadziwa kuunjika tomato asanadziwe kuvala kabudula. Kuno ku Cape ankagwira ya m'galadeni kwa mzungu wina woweta mahatchi ku Noordhoek. Kuseri kwa khola kunali kamalo kotayirako ndowe, ndipo a Chester anakapempha. Bwana anavomera, poganiza kuti munthuyu akufuna kudzala maluwa. Tsiku lina atazungulira kuseriko anagwira pakamwa. Chisoso chomwe ankamulipira munthu kuti azizula kutsogolo kwa nyumba, kuseri chinali m'mizere yowongoka bwino, chikuthiriridwa m'mawa ndi madzulo.

Mbewu zinkabwera pa basi kuchokera kumudzi, zitabisidwa m'masokosi. Bonongwe, luni, nkhwani, khwanya, denje, zonse zinamera pa ndowe za mahatchi a mzungu. Ndiwo zimenezi m'sitolo za kuno simungazipeze, ngakhale mutayenda mpaka nsapato kutha. Kadimba kameneko kanali kokhako, ndipo nkhani yonse yagona apa: ndiwo za m'menemo azidya ndani?

Sitolo yawo inali pa foni. Anatsegula gulu la pa WhatsApp, n'kulitcha Dimba la Chester. Lachisanu ankaponyapo zithunzi, anthu n'kumaoda, Loweruka n'kugawa katundu pa njinga. Koma zithunzi zake, abale! Anzawo a geni amajambula mbali yokongola. A Chester ankafunafuna tsamba lobooka, n'kulijambula pafupi, mbozi ili pompo. Kenako pankabwera uthenga wa mawu wautali ngati ulaliki wa pa Isitala: "Onani bwino, abale anga, musadzati Chester anatibisira. Apa mbozi yalawa. Koma dziwani kuti mbozi sidya chinthu choipa."

Ine ndimagwira ya m'nyumba ku Sea Point, ndimagona konko, ku Masi ndimapita Loweruka. Tsiku loyamba kuoda ndinangolemba kuti, "Nkhwani mulu umodzi, achimwene." Foni inalira nthawi yomweyo.

"Mukaphika bwanji, achemwali?"

"Ndi moto."

"Mwano ayi. Musadzula kapena simusadzula?"

"Ndisadzula. Mukundiyesa mwana?"

"Nsinjiro muli nazo?"

"Ndili ndi chiponde cha m'botolo."

Kunali zii. Ndinayesa kuti mayunitsi awathera.

"Chashuga chija?"

"Chomwecho."

"Mulungu akukhululukireni."

Loweruka anandipeza pamalo okwerera matakisi, pomwe ankatsamiritsa njinga yawo. Anandipatsa mulu wanga wa nkhwani. Kenako dzanja linabwereranso m'dengu: tomato, maluwa a dzungu, tiana ta maungu, ndi nsinjiro zosinja okha zokulunga m'pepala. "Uyu ndi basela," anatero. "Chiponde chanucho mukapake pa buledi wa madamu anu." Ndinakwiya ndithu. Koma nditalawa ndiwo zija ndinalira, chifukwa zinanditengera pakhomo pa mayi anga ku Dedza.

Si onse anapulumuka ngati ine. Jonathan, mnyamata wina wa ulonda wa ku Sea Point, anayankha mosaganiza kuti bonongwe akamuthira mayonezi ndi poloni. A Chester anamuchotsa pa gulu tsiku lomwelo, n'kulengeza kwa tonse kuti m'bale wathu wadwala, timupempherere. Kuti abwerere, Jonathan anachita kukabwereka mphika kwa mayi wina, n'kutumiza chithunzi cha ndiwo zotendera ngati umboni. A Chester anachiyang'anitsitsa n'kunena kuti madzi achuluka, koma poti walapa alowe.

Za Jannat ndiye musanene. Mtsikana wa ku Mangochi ameneyu ankakhala ku Somerset West, kutsidya lina la mzinda, ndipo anali woyembekezera. Mimba inafuna luni, luni basi, china chilichonse chinkabwerera. Anaoda mulu umodzi. Munthu wanzeru akananena kuti pepani, n'kutali. A Chester anakwera takisi, kutsika, kukwera ina, kutsika, kukweranso ina, atanyamula dengu lonse. Ndalama ya thiransipoti yokha ikanagula luni wodyetsa mpingo. Anabwerera dzuwa litapendeka, m'thumba muli mbee, mano onse pamtunda.

"Mwapindula chiyani?" tinawafunsa.

"Mwana ameneyo adzabadwa akudziwa kwawo."

Munthu amene sankaseka nawo anali Clifford, mlamu wawo, mchimwene wake wa Loveness, mkazi wa a Chester amene anatsala kumudzi ndi ana. Clifford ankaperekera zakudya pa lesitilanti ina ya anthu olemera ku Sea Point. Anali mnyamata waukhondo, wodziwa foni ndi kompyuta, wolankhula Chingerezi cha m'mphuno. Sitinkamukonda, tinkati ndi wodzimva. Koma zomwe ankanena zinali zoona. Nyumba ya a Chester kumudzi inaima pa linta kwa zaka, mpaka m'zipinda munamera mitengo. Loveness ankagonabe m'kanyumba kaudzu, ndipo mvula ikamagwa ankatchera mabeseni pamphasa.

Clifford anawakonzera tsamba lenileni la pa intaneti. Munthu adine chithunzi cha ndiwo, adine polipirira, basi zatha. Anawaguliranso sikelo. Anabwera nazo kudimba akunyadira, n'kuwaonetsa pa foni. A Chester anayendetsa chala kukwera, kutsika, kukweranso.

"Alamu, batani la basela lili pati?"

"Palibe."

"Mwaiwala?"

"Sindinaiwale. Pa intaneti kulibe basela."

"Nanga pofunsira kuti mukaphika bwanji?"

"Kasitomala safunsidwa mafunso, alamu. Akalipira, kaya akadyetsa mbuzi, n'zake."

"Ndiye umenewu si msika. Awa ndi makina otengera ndalama kubanki."

Sikelo ija sanaikane. Ankayeza bwinobwino, kuchotsa katsamba, kubwezera katsamba, mpaka manambala akhale ndendende, Clifford akugwedeza mutu mokhutira. Akatero ankati, "Sikelo yanena zake, tsopano tinene zathu," n'kuthira manja awiri odzaza pamwamba. Ndipo aliyense wooda pa tsamba latsopanolo ankangoona foni ikulira: "Pepani, ndaona mwadina. Mukaphika bwanji?"

Kenako kunabwera mwayi uja umabwera kamodzi. Mwini lesitilanti, bwana wake wa Clifford, analawa bonongwe amene mnyamatayo anatenga ngati kamba wa kuntchito. Mzungu anapenga naye. Loweruka lina anatulukira kudimba ndi galimoto yonyezimira, ife amayi tili pomwepo tikudikira majumbo athu. Ankafuna ndiwo za pa lesitilanti pake, komanso zogulitsa m'timabokosi pa sitolo yake ya pa intaneti. Mtengo womwe anatchula, ine ndinayesa kuti sindinamve bwino. Nyumba ija ikanafoleredwa dzinja lisanafike. Koma panali lamulo limodzi: dimba lonse likhale lake, tsamba ngakhale limodzi lisapite kwina.

Ife tinaima pomwepo, majumbo ali m'manja. Clifford ankamasulira, thukuta lili kamukamu.

"Mufunseni akaphika bwanji," anatero a Chester.

"Alamu, chonde."

"Mufunseni."

Mzungu anasangalala nalo funsolo. Anatulutsa foni n'kuonetsa chithunzi: mbale yoyera yaikulu ngati beseni, pakati pake timasamba titatu ta bonongwe tosaphika, kaduwa kamodzi, ndi kathovu pambali. A Chester anayang'ana nthawi yaitali.

"Apa anthu anali atadya kale?"

"Ayi, alamu, chimapita chonchi kwa kasitomala."

"Ndiwo zili kuti?"

"Ndi zimenezo."

"Nanga thovuli? Mbale sanaitsukuluze?"

Titamva kuti chisoso akachipera m'makina chosaphika kuti anthu azimwa m'matambula, mayi wina anakhala pansi. A Chester anavula chipewa chawo cha mlaza, n'kunena mwaulemu wonse kuti bwana apepese, dimbali lili kale ndi eni ake, ndi awa aima apawa. Kenako, poti mlendo sabwerera chimanjamanja, anadzaza jumbo yaikulu n'kumupatsa ulere, pamodzi ndi nsinjiro, n'kumuuza Clifford kuti amufotokozere bwino katenderedwe kake. Kukana kumugulitsa, n'kumupatsa chabe! Ife tinaimba nthungululu mpaka mahatchi kudzidzimuka m'khola.

Galimoto itachoka, Clifford anaphulika.

"Achemwali anga akunyowa ngati nkhuku, inu mukugawa chuma kwa anthu osawadziwa! Kodi munabwera kuno kudzasewera?"

"Kupatsa n'kuika, alamu."

"Mwaika kuti? Mudzatenga liti? Anthu awa akukusekererani chifukwa cha mimba zawo!"

A Chester sanakweze mawu. "Alamu, ine kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ndimangoti yesi bwana, yesi madamu. Palibe amandifunsa kanthu, palibe ndimamufunsa kanthu. Loweruka lokha ndi pamene ndimafunsa funso munthu n'kundiyankha. Mukufuna ndigulitsenso Loweruka langa? Malata tidzagula, pang'onopang'ono."

Clifford anachoka akupukuta m'maso. Ife tinamuseka, tinamutcha mzungu wakuda. Tinanyamula majumbo athu, basela ali pamwamba, aliyense ulendo wa kwake.

Pang'onopang'ono wakeyo sanafike. M'nyengo yozizira, mvula ya kuno ija yobwera cham'mbali ndi mphepo, a Chester anapitiriza kupalasa njinga kugawa mpiru ndi mfutso, poti anthu anali ataoda. Anayamba kutsokomola. Uthenga wawo wa Lachisanu unayamba kufupika, ndipo tinkaseka kuti abusa atopa. Chinali chibayo. Pomwe ankawatengera kuchipatala n'kuti madzi atafika kale m'khosi, ndipo sanabwereko.

Apa ndiye pamene kuseka kwanga kumathera. Inu mukudziwa kuti kutumiza maliro kumudzi kuchokera kuno si masewera. A Chester analibe kalikonse kosunga, chuma chawo chonse tinadya ndife. Pa gulu paja panali anthu mazanamazana. Uthenga wa maliro utaponyedwa, foni yanga inatentha ndi tinkhope tolira. Tinkhope tolira, timanja topemphera, timitima tosweka, wina mpaka ndakatulo. Clifford ataponya nambala yoti tisonkhereko, gulu lonse linagwidwa chinunu. Ena anatuluka mwakachetechete. Ndikuwadziwa mayina, ndipo ena mwa iwo ndi aja ankabwera ndi majumbo awiri, ina ya ndiwo, ina ya basela.

Tinasonkha ochepa. Jannat anabwera kuchokera ku Somerset West, mwana wa luni uja ali kumbuyo, n'kupereka zomwe anali nazo. Jonathan wa mayonezi, amene anachotsedwa pa gulu ngati galu, anapereka malipiro ake a mwezi osatsalako kanthu. Koma zonse pamodzi sizikanafikitsa bokosi ngakhale pa malire a dziko lino. Thupi linakhala mufiriji masabata, uku Loveness akuimba foni tsiku ndi tsiku kufunsa kuti mwamuna wake afika liti, anthu atopa kugona pa siwa.

Kupatsa n'kuika, eti? Asa!

Clifford anavala malaya ake oyera, anapita kwa bwana wake ku Sea Point, n'kusaina mgwirizano uja a Chester anaukana. Anakagwirizananso ndi mzungu wa mahatchi kuti kadimba kaja azikalipira lendi. Ndalama yoyamba ya kulesitilanti ndi yomwe inanyamula a Chester kupita nawo ku Lizulu. Chisoso chomwe anakana kugulitsa ndi chomwe chinawalipirira ulendo wawo womaliza. Chaka chisanathe, Loveness anatumiza chithunzi cha nyumba, malata ali waliwali, ana ataima pakhonde.

Ndiye mundiuze, ndimutukwane Clifford? Ndayesapo, lilime limakana. Ndiwatukwane a Chester, amene anasiya mkazi akunyowa kuti ife tidye? Sindingathe, ndinadya nawo. Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chimenecho, kuti mkwiyo ndili nawo wodzaza dengu koma pokautula palibe.

Gulu la pa WhatsApp linatsekedwa. Tsamba lija tsopano lili m'Chingerezi chokhachokha, ndipo pamwamba pali chithunzi cha a Chester atavala chipewa cha mlaza, akuseka. Masamba obooka sajambulidwanso, mbozi zinachotsedwa ntchito. Kudimba anamangako mpanda ndi geti. Loweruka ukafika pokwerera matakisi ku Masi, pakhoma pomwe pankatsamira njinga pali munthu wogulitsa zotchajira foni. Amayi amadutsa ndi kabichi m'manja, osaima, osafunsana. Jonathan akuti anabwerera ku mayonezi, ndipo palibe womuletsa.

Mwezi watha madamu anga anandiitana kukhitchini, nkhope ili ngwee. Anali ataoda zinthu pa intaneti. Pa tebulo panali kabokosi ka pulasitiki, kakang'ono ngati ka sopo, pachivundikiro pali nkhope ya a Chester.

"Esnart, taona! Akuti masamba awa ndi a kwanu. Umawadziwa?"

"Ndimawadziwa, madamu."

"Akuti ndi opatsa thanzi kwambiri. Undiperere m'makina, uthiremo apozi ndi madzi oundana."

Anatuluka kupita kokathamanga m'mbali mwa nyanja. Ndinatsegula kabokosi kaja. Chisoso chenicheni, cha pa ndowe za mahatchi, fungo lake lomwe lija. Ndinachikhuthulira m'mbale, ndipo dzanja langa, mwa chizolowezi, linafufuza pansi pa kabokosi ngati pali kena. Panalibe. Sikelo inanena zake, ndipo panalibe wonena zathu.

A Chester ankangondiyang'ana pachivundikiro paja, mano onse pamtunda. Funso lawo ndinalimva bwinobwino.

"Musandifunse, achimwene," ndinatero. "Lero musandifunse."

Ndinatembenuza chivundikirocho kuti nkhope iyang'ane pansi. Ndisanayatse makina, ndinatapa kadzanja kamodzi n'kuika m'thumba la epuloni, kuti ndikatendere kuchipinda kwanga ndi nsinjiro zenizeni. Ndinadziuza kuti ameneyu ndi basela wanga. Koma pobisa ndinayang'ana kukhomo kaye, chifukwa ngakhale mwana wa ku Lizulu amadziwa kuti basela amachita kukupatsa. Wodzitapira wekha ali ndi dzina lina.